Ku Edinburgh mu Ogasiti ndi amayi komanso ana: tikaonere chiyani, tikadye kuti?

"Ndimakhala ku Manchester ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Amayi anga abwera kuchokera ku Zomba kudzationa, akhala nafe miyezi itatu. Ana anga awiri, wa zaka 7 ndi wa zaka 12, atsekera sukulu, ndiye ndapempha masiku anayi opuma mu Ogasiti kuti tonse tikaone Edinburgh. Koma ndikati ndiwerenge za zikondwerero za kumeneko mutu ukungozungulira, zachuluka. Pa TikTok ndikuonanso malo odyera atsopano okongola, ana akuti tikalowe onsewo. Amayi ali ndi matenda a shuga, maondo amawavuta, ndipo akapanda kudya chakudya chokhala m'mimba amati agona ndi njala. Ndalama zanga n'zowerengeka. Kodi sindikudziputira mavuto? Ndiyambire pati?" Mayi wa ana awiri, Manchester.

Achemwali, mtima m'malo. Simukudziputira mavuto ayi, ndipo mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo. Ine ndakhala mu Edinburgh muno zaka 16, ndipo zambiri mwa zaka zimenezi ndazithera m'malo odyera: ndinayamba ndi kutsuka mbale, kenako kuperekera zakudya, pano ndimayang'anira anzanga ogwira ntchito. Ogasiti aliyense ndimaona mabanja ngati lanu akulowa pakhomo pathu. Ena amafika akusekerera, ena amafika atatopa, ana akulira, agogo atangoti chete. Kusiyana kwawo si ndalama kwenikweni. Otopawo ndi aja amafuna kugwira zonse tsiku limodzi. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo Edinburgh ya mu Ogasiti ndi mtengo wodzaza zipatso mbali zonse. Langizo langa lalikulu ndi lakuti tsiku lililonse mulipirire chinthu chimodzi chokha choonera, mudye chakudya chachikulu masana, ndipo mukadyere kutali ndi kumene kuli khamu. Zina zonse ndikuuzenizi zikungofotokoza chifukwa chake.

Mutu ukuzungulira chifukwa si chikondwerero chimodzi, ndi zingapo zochitika nthawi imodzi. Mu 1947, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha kumene, anayambitsa Edinburgh International Festival, yoitana akatswiri a nyimbo, magule ndi zisudzo ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Chaka chomwecho magulu asanu ndi atatu a zisudzo amene sanaitanidwe anangobwera okha n'kudzipezera malo ochitira masewero awo m'mbali mwa chikondwerero chachikulucho. Kumeneko ndiko kunachokera Fringe, imene lero inakula kuposa mayi wake. Mpaka pano Fringe ilibe komiti yosankha kuti uyu achite uyu asachite. Aliyense amene wapeza chipinda ndi ndalama yolipirira akhoza kuonetsa zake. N'chifukwa chake ziwonetsero zimaposa 3,000 m'masabata atatu okha, ndipo mu 2019 matikiti ogulitsidwa anapitirira 3 miliyoni. N'chifukwa chakenso mumakhala zabwino zogwetsa misozi pamodzi ndi zina zosapsa, ndi zina zoti simungakhale nazo pansi limodzi ndi amayi anu. Anthu a nthabwala kuno amatukwana kwambiri ndipo amakamba za kuchipinda mosabisa. Chiwonetsero chilichonse chimalembedwa msinkhu woyenera, monga 5+, 12+ kapena 18+. Musagule tikiti musanaone nambala imeneyo, ndipo ngati chikuchitikira m'bala, dziwani kuti ana sangaloledwe ngakhale masana.

Matikiti ambiri a Fringe amagwera pakati pa mapaundi 10 ndi 20. Mukakhala anayi, chiwonetsero chimodzi cha ola limodzi chikhoza kudya mapaundi 60. Pali njira zochepetsera. Masiku oyambirira, pamene osewera akuyesa kaye, mitengo imatsika. Kawirikawiri Lolemba ndi Lachiwiri loyamba amagulitsa matikiti awiri pamtengo wa imodzi. Palinso ziwonetsero zolowa ulere, zimene pamapeto wosewera amaima pakhomo ndi ndowa kuti muponyemo zimene mungathe. Zimenezi si zaulere ngati mphepo. Munthuyo walipira malo ogona ndi chakudya mwezi wonse, choncho ngati wakusangalatsani musamudutse chimanjamanja. Kwa banja lanu ndikanasankha zinthu zosalira kumva Chingerezi chothamanga cha ku Scotland kuno: masewera odumpha ndi kukwera zingwe, amatsenga a ana, ng'oma, magule ndi makwaya. Makwaya a ku South Africa, monga Soweto Gospel Choir, akhala akubwera kuno kambirimbiri, ndipo ngati muwapeza pandandanda wa chaka chimenecho, amayi adzatuluka akung'ung'udza nyimbo. Za ana zambiri zimachitika m'mawa, cha m'ma 10 ndi 11 koloko, ku Pleasance Courtyard ndi kuzungulira George Square. Fikani mphindi 20 nthawi isanakwane, chifukwa anthu amaima pamzere panja ndipo malo ambiri salowetsa ochedwa. Zipinda zina zili pansi pa nthaka, zina pamwamba pa masitepe opapatiza. Ofesi ya matikiti ya Fringe ili ndi anthu othandiza olumala ndi ovutika kuyenda. Aimbireni, muwauze za maondo a amayi, akuuzani kumene kuli chikepe ndi kumene angapeze mpando m'malo moima pamzere.

Msewu wa Royal Mile, wochokera ku Castle, linga lakale la pamwamba pa phiri, kutsikira kunyumba yachifumu ya Holyrood, ndiwo mumauona m'mavidiyo: anthu omeza moto, oyenda pa njinga ya tayala limodzi, achinyamata ogawa timapepala. Ana adzaukonda. Koma masana anthu amathithikana ngati pa depoti ya minibasi madzulo a Lachisanu, ndipo pansi pake ndi miyala yoyala imene imaterera kukagwa mvula. Pitani m'mawa isanakwane 11 koloko, muyende pang'ono, kenako mutsikire ku Princes Street Gardens kumene kuli mabenchi. Kumeneko, pafupi ndi chipilala chachitali chakuda cha Scott Monument, pali chiboliboli cha David Livingstone. Alendo ambiri amangochidutsa, koma ine sindinaonepo mayi wachikulire wa kwathu amene sanaime n'kunena kuti mumujambule. Ngati amayi ndi a CCAP, makamaka a Mvano, apititseni Lamlungu ku St Giles' Cathedral pa Royal Mile pomwepo. Ndi tchalitchi cha Church of Scotland, mpingo umene unatumiza amishoni amene anakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876. Nyimbo zina adzazizindikira ndi kamvekedwe ngakhale mawu ali achilendo. Mvula ikakupezani, thawirani ku National Museum of Scotland pa Chambers Street. Kulowa n'kwaulere, kuli zikepe, zimbudzi zaukhondo ndi mipando, ndipo ana akhoza kuthamo maola atatu osatopa.

Chinthu chimodzi chodula chimene ndimati n'choyenera ndalama zake ndi Royal Edinburgh Military Tattoo, perete wa mabandi a asilikali amene wakhala akuchitika pabwalo la kutsogolo kwa Castle kuyambira 1950. Munthu amene anaonerapo perete wa pa 6 Julayi pa sitediyamu, bandi ikulira asilikali akuponda limodzi, adzamva kukoma kwake mpaka m'mafupa. Pamapeto magetsi amazima, woimba chitoliro cha thumba mmodzi yekha amaima pamwamba pa linga, ndipo anthu zikwizikwi amangoti zii. Koma ganizirani izi. Ndi panja, usiku, pamwamba pa phiri, ndipo mvula ikagwa sasiya. Mipando ili pa nsanja zazitali zokwera ndi masitepe. Pakati pa sabata amayamba mochedwa, cha m'ma 9 koloko usiku, choncho kwa mwana wa zaka 7 ndi agogo ndi bwino chiwonetsero choyamba cha Loweruka chimene chimayamba kukadali kowala. Pemphani mipando ya m'munsi pogula. Gulani patsamba lawo lenileni basi, osati kwa munthu wokuuzani pa Facebook kuti ali ndi matikiti otsala. Ngati mtengo wakukanikani, musadandaule. Makombola ake amaoneka ndi kumveka kuchokera ku Princes Street popanda kulipira kanthu.

Za nyengo ndinene mwachidule. Chilimwe cha kuno si cha ku Zomba, ndipo si cha ku Manchester. Kutentha kukafika madigiri 19 kapena 20 anthu amati kwacha bwino. Pali chifunga chozizira chochokera kunyanja chimene eni ake amachitcha haar, chimene chimalowa mumzinda mwadzidzidzi ngati chiperoni. Amayi atenge juzi, jekete losalowa madzi, mpango wa kumutu ndi nsapato zafulati. Chitenje chowonjezera chofunda m'miyendo chimathandiza kwambiri ku Tattoo.

Malo ogona ndiwo adzakudyerani ndalama kuposa china chilichonse, chifukwa mu Ogasiti mitengo ya pakati pa mzinda imakwera mochititsa mantha. Funani nyumba yokhala ndi khitchini, osati hotela, ndipo musaope kugona kunja kwa mzinda. Ku Musselburgh, Linlithgow, Falkirk, kapena kutsidya kwa mlatho ku Inverkeithing ndi Dunfermline, sitima imakufikitsani ku Waverley, siteshoni yaikulu ya Edinburgh, m'mphindi zosapitirira 40. Ingoonani nthawi ya sitima yomaliza. Yunivesite ya Edinburgh imabwereketsanso zipinda za ophunzira nthawi ya tchuthi, monga ku Pollock Halls m'munsi mwa phiri la Arthur's Seat. Kuyambira Okutobala 2023, nyumba zobwereketsa kwa alendo ku Scotland ziyenera kukhala ndi laisensi ya khonsolo, ndiye funsani nambala yake musanalipire, ndipo musatumize ndalama mwachindunji ku akaunti ya munthu amene simukumudziwa. Dziwaninso kuti kuyambira pa 24 Julayi 2026 khonsolo ya Edinburgh inaika msonkho wa alendo wa 5 peresenti pa mtengo wa malo ogona a mumzindawu. Pa sitima yochokera ku Manchester, ya maola atatu ndi pang'ono, khadi ya Family & Friends Railcard imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu pa tikiti ya wamkulu ndi 60 peresenti pa ya mwana. Ulendo umodzi wokhawu ukhoza kubweza mtengo wa khadiyo. Bukitsani mipando, chifukwa sitima za mu Ogasiti anthu amaimirira.

Tsopano za chakudya, kumene ndiko kwanga.

Malo odyera atsopano amaoneka bwino pafoni chifukwa anamangidwa kuti azioneka bwino pafoni. Ambiri mwa amene amajambula mavidiyowo anaitanidwa kudzadya ulere tsiku lapadera, khitchini ikuphikira matebulo ochepa, mwini wake ataima pambali. Malamulo a kuno amafuna kuti alembe kuti ndi malonda, koma kachilemboko kamakhala kakang'ono. Inu mudzafika Loweruka madzulo mu Ogasiti, pamene khitchini yomweyo ikuphikira anthu mazana, theka la operekera zakudya ndi ophunzira amene ayamba ntchito sabata yatha.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Chaka china ndinagwira ntchito pamalo amene anatsegulidwa kumapeto kwa Julayi dala kuti apeze ndalama za chikondwerero. Loweruka loyamba la Ogasiti, cha m'ma 7 koloko, kamakina kotulutsa timapepala ta maoda kukhitchini kanasiya kugwira. Tinayamba kulemba pamanja, timapepala tina tinanyowa, tina tinagwera kuseri kwa firiji. Pa tebulo la pakona panali banja ndi bambo wachikulire. Anadikira kupitirira ola. Nditapita kukapepesa kachiwiri ndinaona bamboyo akutuluka thukuta pamphumi m'chipinda mozizira, dzanja likunjenjemera mpaka kapu ikugogoda mbale, akuyankha mwana wawo zosagwirizana ndi funso. Anali atabaya jakisoni wa shuga poganiza kuti chakudya chifika posachedwa. Ndinathamangira ku bala, n'kubwera ndi juwisi wa malalanje ndi buledi. Patapita mphindi khumi anayamba kubwerera mwakale, koma nkhope ya mwana wawo uja sindidzaiiwala. Palibe amene anali ndi mtima woipa usiku umenewo. Khitchini inali isanaphunzire kuyenda, ndipo tinaithamangitsa. Kuyambira pamenepo, munthu akandifunsa za malo atsopano ndimati awapatse miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ngati ali ndi wodwala shuga, asapite kumeneko nthawi ya khamu.

Sindikuti malo atsopano ndi oipa. Ena mwa ophika aluso kwambiri mumzinda uno ali m'malo amene atsegulidwa zaka zochepa zapitazi. Koma pali kayezedwe kake. Ku England munazolowera chikwangwani chobiriwira cha manambala 0 mpaka 5 pakhomo. Ku Scotland kulibe manambalawo. Oyendera zaukhondo amangolemba kuti "Pass" kapena "Improvement Required", ndipo malo ongotsegulidwa kumene akhoza kulembedwa "Awaiting Inspection", kutanthauza kuti sanayenderedwe. Mukhoza kufufuza dzina la malo patsamba la Food Standards Scotland musanapite. Powerenga ndemanga za anthu, siyani zoyamikira mopitirira ndi zokwiya mopitirira, werengani zapakati za masabata awiri apitawa, ndipo muone ngati anthu angapo akudandaula za kudikira. Menyu yaifupi ndi chizindikiro chabwino. Khitchini yaing'ono imene ikulonjeza zakudya 60 za mayiko asanu ikutulutsa zambiri mufiriji. Ndipo imbani foni. Mmene akuyankhirani mukafunsa za tebulo lopanda masitepe ndi momwenso adzakulandirireni.

Chinthu china chimene chimakhumudwitsa anthu akwathu ndi kaphikidwe kamene kafala m'malo atsopano ambiri, ka timbale ting'onoting'ono togawana. Pa menyu mumaona mapaundi 9, mapaundi 11, mumati n'zotchipa. Woperekera amakuuzani kuti munthu mmodzi amafunika timbale titatu. Kambale kamabwera ndi tizidutswa tinayi ta nyama ndi tsamba pamwamba, ndipo timabwera kamodzikamodzi monga mwapsera, osati pamodzi. Anthu anayi mumatuluka mutalipira mapaundi oposa 100, amayi akufunsa kuti chakudya chenicheni chibwera nthawi yanji. Mukaona mawu akuti "small plates", dziwani kuti si malo a ulendo uno. Onaninso pansi pa bilu. Malo ambiri amawonjezera okha 10 kapena 12.5 peresenti ya operekera. Ngati alemba kuti n'kufuna kwanu, mukhoza kupempha kuti aichotse pamene simunasamalidwe bwino, ndipo ngati mwailipira simufunikanso kusiya tipu. Mu Ogasiti ambiri amafunanso nambala ya khadi pobukitsa, amadula ndalama mukapanda kubwera, ndipo tebulo amakupatsani ola limodzi ndi theka basi. Madzi a pampopi ndi aulere pamalo alionse ogulitsa mowa, ndipo madzi a kuno ndi abwino. Pemphani jagi.

Ndiye mukadye kuti? Pakati pa mzinda, zosavuta kwa banja losiyana zokonda ndi nyumba zimene muli ophika ambiri pansi pa denga limodzi. Bonnie & Wild ili pa nsanjika yapamwamba mu St James Quarter, malo a masitolo amene anatsegulidwa mu 2021. Kuli zikepe, matebulo okhalapo bwino, nsomba ndi nyama za ku Scotland konkuno. Si yotchipa, koma aliyense amasankha zake. Pafupi pomwepo, ku Omni Centre, kuli Edinburgh Street Food imene inatsegulidwa mu 2023. Ana adzaikonda chifukwa ndi zija amaziona pafoni, koma madzulo nyimbo zimakwera, choncho fikani 12 koloko masana. Timagalimoto togulitsa zakudya ta ku George Square ndi Bristo Square n'tokopa, koma eni ake amalipira malo ndalama zambiri ndipo mtengowo umagwera inu, komanso mipando ndi yolimbirana. Yendani mphindi zisanu kuchoka pamenepo kupita ku Nicolson Square, pafupi ndi mzikiti waukulu, mupeze Mosque Kitchen. Si yatsopano ndipo si yokongola, koma mbale yodzaza mpunga ndi nkhuku, nyama ya nkhosa kapena nyemba imabwera nthawi yomweyo pamtengo wa munthu wamba. Ophunzira ndi osewera a Fringe amadya kumeneko. Amayi adzaona chakudyacho ndi maso asanasankhe, ndipo mukhoza kupempha ndiwo zamasamba zambiri mpunga wochepa.

Koma tsiku limodzi lathunthu muchoke pakati pa mzinda mutsikire ku Leith. Kuyambira Juni 2023 tram, sitima yoyenda mumsewu, imatsika msewu wonse wa Leith Walk mpaka ku Newhaven, ndipo malo odyera atsopano ambiri atsatira njanjiyo. Kwa amayi tram ndi yabwino kuposa basi chifukwa ilibe sitepe. Lipirani musanakwere. Ku The Shore, m'mbali mwa madzi, kuli malo otchuka okhala ndi nyenyezi za Michelin, ulemu wopatsidwa kwa malo odyera apamwamba, monga The Kitchin ndi Restaurant Martin Wishart, amene si a thumba lanu kapena langa, koma pakati pawo pali tinyumba ta khofi, mabekale ndi malo ang'onoang'ono a mabanja kumene mwini wake ndiye akuphika. Loweruka kumakhala kamsika ku Dock Place. Mukafika kumapeto kwa njanji ku Newhaven, padoko laling'ono lokhala ndi nsanja yoyera ya nyali, gulani nsomba ndi chipisi ku The Fishmarket mukadyere panja mukuyang'ana nyanja. Kuno nsomba yake ndi haddock, osati cod monga ku England, ndipo mukati "fish supper" ndiye kuti nsomba ndi chipisi pamodzi. M'malo ambiri a chipisi mu Edinburgh amafunsa kuti "salt and sauce?", ndipo msuziwo ndi wabulauni wowawasira, wa mzinda uno wokha. Lawani kaye pang'ono. Amayi achotse chikopa cha ufa chokazingacho, adye nsomba yoyera ya mkatimo, chipisi agawane ndi adzukulu. Chenjerani ndi mbalame za kunyanja, zimalanda chakudya m'manja mwa mwana ngati mphamba pa anapiye. Chakumadzulo pang'ono, ku Granton, kuli The Pitt, msika wa zakudya umene unasamukira m'mbali mwa nyanja kumapeto kwa 2024. Sutsegula masiku onse, ndiye onani kaye musananyamuke.

Ngati ana akulimbikira bekale ya Lannan ku Stockbridge, imene yatchuka kwambiri chitsegulireni mu 2023, mmodzi wa inu apite m'mamawa akaime pamzere, ena atsale. Zophika zake n'zabwino ndithu, koma si malo oimitsa agogo panja. Lamlungu ku Stockbridge komweko kumakhala msika wa zakudya. Dzuwa likawala, basi nambala 26 yochokera ku Princes Street imakafika kugombe la mchenga la Portobello. Madzi ake ndi ozizira kwambiri, koma ana salabadira zimenezo.

Madzulo bwererani kunyumba mukaphike. Ichi ndicho chifukwa ndinati mupeze khitchini. Nyamulani ufa kuchokera ku Manchester, mthiko ndi kambuzi wanu. Mukaiwala, pa Leith Walk ndi ku Gorgie kuli masitolo a zakudya za ku Africa ndi ku Asia kumene mungapeze ufa woyera, therere ndi tilapia wa mufiriji. Mayi amene wadya nsima yake madzulo amadzuka ndi mphamvu zoyendera mawa lake, ndipo ndalama zimene mukanalipira chakudya chamadzulo cha anthu anayi ndizo zigule matikiti. Chakudya cha kunja chikhale cha masana, pamene malo ambiri ali ndi mtengo wotsika ndipo khitchini sinapanikizike. Mukapatsidwa chenje cha ndalama zapepala za mabanki a ku Scotland, zigwiritseni ntchito konkuno, chifukwa masitolo ena ku England amazikayikira.

Za shuga ya amayi, musadalire ine ndekha, ine si dokotala. Musananyamuke, lankhulani ndi dokotala, namwino kapena wa ku famase, muwauze mankhwala amene amamwa, ndipo mufunse chochita ngati chakudya chachedwa kapena ayenda kwambiri kuposa masiku onse. Mankhwala ena amatsitsa shuga mofulumira, ena ayi. Chimene ndingakuuzeni monga munthu wa kukhitchini n'chakuti misuzi yonyezimira ya pa nkhuku ndi nthiti, imene yadzaza m'malo atsopanowa, imakhala ndi shuga kapena uchi wambiri, choncho pemphani nyama kapena nsomba yowotcha msuzi uli pambali. Ngati amabaya jakisoni wa nthawi ya chakudya, asabaye mbale isanafike patebulo pokhapokha dokotala atanena zina. M'chikwama chanu musamasowe kamba: nthochi, buledi, ndi kabotolo ka juwisi kapena maswiti. Mukaona thukuta, kunjenjemera kapena kusokonezeka, apatseni chotsekemeracho pomwepo ngati akutha kumeza. Akakomoka kapena akapanda kusintha, imbani 999, ndipo musawathire kanthu m'kamwa. Pa vuto losafika pamenepo, monga kusanza kapena kutsekula m'mimba kosaleka, imbani 111, nambala yomweyo ya ku England, kuno imayankhidwa ndi NHS 24. Wodwala shuga akamasanza osasunga ngakhale madzi musadikire kuti kuche. Chipatala chachikulu cha Royal Infirmary ndi cha ana zili pamalo amodzi ku Little France. Popeza amayi ali pa viza ya mlendo, onetsetsani kuti ali ndi inshulansi ya paulendo imene ikudziwa za shugayo, chifukwa akagonekedwa m'chipatala akhoza kulipiritsidwa. Ngati wina mwa ana thupi lake limadana ndi mtedza, mazira kapena mkaka, nenani musanaode. Lamulo limakakamiza malo onse odyera, ngakhale kagalimoto ka pamsika, kukuuzani za zinthu 14 zoterezi, ndipo woperekera akayankha mongoganizira, pemphani kuona pepala kapena kulankhula ndi woyang'anira. Mukadwala mutadya penapake, dziwitsani a zaumoyo ku khonsolo ya Edinburgh. Mukaberedwa pa nkhani ya nyumba kapena matikiti, imbirani banki yanu nthawi yomweyo, kenako apolisi pa 101.

Mwana wamng'onoyo mumulembe nambala yanu ya foni pa kapepala m'thumba kapena padzanja tsiku lopita ku Royal Mile, ndipo mugwirizane malo amodzi okumanirana mukasochererana, monga pakhomo la St Giles'.

Tsiku lachinayi, ngati amayi akadali ndi mphamvu, bwererani kudzera ku Glasgow, ulendo wa mphindi pafupifupi 50 pa sitima. Kuchokera ku Glasgow Central pali sitima yaifupi yopita ku Blantyre, tauni imene inapereka dzina ku mzinda wathu uja. Nyumba imene Livingstone anabadwiramo mu 1813, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndi malo osungirako mbiri amene anatsegulidwanso mu 2021 atakonzedwa. Kuli bwalo la udzu loti ana athamangepo ndi malo omwera tiyi. Onani masiku amene amatsegula musanagule matikiti, ndipo amayi muwajambule ataima pansi pa chikwangwani cha pa siteshoni cholembedwa kuti Blantyre, chithunzi chimenecho akachionetse ku Mvano akabwerera ku Zomba.